Khansa ya khomo la chiberekero: tisadikire kuti ululu utitumize kuchipatala

Amayi anzanga, pa zaka zimene ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba pali mayi mmodzi amene sandichoka m'maganizo. Anali wa ku Mgona, wogulitsa tomato, wa ana asanu. Anabwera atadzikulunga zitenje zitatu, ndipo anakhala kumapeto kwa benchi kuopa kuti anzake amva fungo. Anali atataya magazi kwa chaka chathunthu. Anayamba waganiza kuti ndi kusamba kosokonekera chifukwa cha msinkhu, kenako anapita kwa asing'anga. Titamuyeza tinapeza kuti khansa yafalikira kale. Anandifunsa kuti, "Anesi, ndikanabwera liti?" Yankho loona linali lakuti zaka zingapo m'mbuyomo, pamene sankamva kupweteka kulikonse.

Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo ikupha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse. Chiwerengero cha 2020 chinaonetsa kuti amayi oposa 4,000 amapezeka nayo chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Koma ndikulemba lero chifukwa kafukufuku wa zaka zaposachedwapa watipatsa zida zimene amayi athu analibe.

Choyamba, tikudziwa chimene chimaiyambitsa. Si ufiti ayi. Ndi kachilombo kotchedwa HPV, kamene kamafala pogonana. Kachilomboka n'kofala kwambiri, moti anthu ambiri amakatenga nthawi ina m'moyo wawo, ngakhale mayi amene wadziwa mwamuna mmodzi yekha. Choncho tisamaloze chala wodwala. Kwa ambiri thupi limakagonjetsa lokha. Kwa ena kamakhalitsa, n'kuyamba kusintha khungu la pakhomo la chiberekero pang'onopang'ono, mwakachetechete. Kuti pafike pokhala khansa pamatha zaka 15 mpaka 20. Kwa mayi amene chitetezo chake chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa mankhwala, zimatha kutenga zaka 5 mpaka 10 zokha. Zaka zimenezi ndiwo mpata wathu.

Chachiwiri ndi katemera. Atamuyesa ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira 2013, Unduna wa Zaumoyo unayamba kumupereka m'dziko lonse mu Januwale 2019 kwa atsikana a zaka 9. Poyamba ankabaya kawiri, ndipo ana ena sankabwerera kachiwiri. Kafukufuku amene anachitika ku Kenya anapeza kuti jakisoni mmodzi yekha amateteza kwambiri ku mitundu iwiri ya HPV imene imayambitsa khansa zambiri. Mu Disembala 2022 bungwe la WHO linavomereza kuti mtsikana wa zaka 9 mpaka 14 atha kubayidwa kamodzi, kupatula amene chitetezo chake n'chotsika, amene amafunika kawiri kapena katatu. Ndipo mu 2024 a ku Scotland analengeza kuti mwa amayi amene analandira katemera yense ali ndi zaka 12 kapena 13, sanapezemo ngakhale mmodzi wodwala khansayi.

Ndikudziwa zimene zimanenedwa pa mjigo ku Chinsapo ndi m'minibasi ya ku Area 23, zoti katemerayu amatseka chiberekero, kapena amaphunzitsa ana chiwerewere. Katemerayu si wolera. Wakhala akubayidwa m'maiko ena kuyambira 2006, ndipo atsikana oyambawo lero ali ndi ana awo. Timabaya mwana ali wamng'ono chifukwa katemera amagwira bwino asanakumane ndi kachilombo. Kumulangiza mwana za khalidwe ndi ntchito yathu ndithu, koma mtsikana wodzisunga angadzatengenso kachilomboka m'banja lodalitsidwa.

Chachitatu n'cha ife akuluakulu: kuyezetsa. Mayi aliyense wa zaka 25 mpaka 49 ayenera kuyezetsa ngakhale akumva bwino. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo pakangotha mphindi imodzi malo amene ayamba kusintha amayera. Kale akapeza zotere ankawumitsa malowo ndi mpweya wozizira wa m'masilinda, umene unkatha kawirikawiri. Mu 2013 chipatala cha Nkhoma, kuno komwe ku Lilongwe, chinayamba kugwiritsa ntchito kachida kotenthetsa malowo kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi. Zotsatira za ku Nkhoma zinamveka kutali, ndipo mu 2019 WHO inavomereza njirayi. Ubwino wake n'ngwakuti mayi atha kuyezedwa ndi kuthandizidwa tsiku lomwelo, osalipiranso minibasi kachiwiri. Akatero amatuluka chikazi chamadzimadzi kwa masabata angapo, ndipo amapemphedwa kusakhala malo amodzi ndi abambo pafupifupi mwezi kuti pachire. Apa m'pofunika kukambirana ndi abambo musananyamuke kunyumba.

Kwa amene mumachita manyazi kuvula pamaso pa mwana wa msinkhu wa mdzukulu wanu, palinso njira yatsopano: mayi amadzitenga yekha chikazi ndi kathonje, n'kupereka kuti akayeze ngati muli HPV. Sinafike paliponse, koma funsani.

Pitani ku Kawale, ku Area 25, ku Bwaila kapena ku Likuni, mukafunse tsiku limene amayeza. Amene muli pa ma ARV, funsani pomwe mumalandirira mankhwala, ndipo muziyezetsa pafupipafupi monga angakuuzeni. Koma ngati mukutaya magazi mukakhala ndi abambo, kapena pakati pa mwezi, kapena mutasiya kale kusamba, kapena chikazi chikununkha, musadikire tsiku. Zizindikirozi sizitanthauza khansa nthawi zonse, koma n'zofunika kuti dokotala azione msanga.

Ife a bungwe la amayi timadziwa kuyendera odwala, kusonkha ufa ndi kugona pamaliro. Pa msonkhano wa mwezi uno, mlembi akatha kuitana maina, afunsenso kuti ndani sanayezetsepo, ndipo ndani ali ndi mtsikana amene sanabayidwe. Kenako musankhe tsiku, mupite limodzi. Pamzere wa kuchipatala mantha amachepa mukakhala asanu.