Munda wa Nyemba Umene Unabala Mzinda

Mukanafika mu 1950 pamalo pamene lero pali South Coast Plaza, mukanabwerako ndi fumbi m'mphuno ndi makoko a nyemba m'nsapato. Kuyambira pamene mwaima mpaka pamene maso alekezera inali minda yokhayokha ya nyemba za lima, zija zikuluzikulu zophwatalala zimene kwathu timati kamumpanda. Dera lonselo, kummwera kwa Los Angeles ku California, linali la alimi: malalanje uku, ng'ombe za mkaka uko, nyemba m'chigwa chakufupi ndi nyanja. Boma lonse la Orange County linali ndi anthu okwana 216,000 basi. Tauni ya Costa Mesa, m'mene lero muli malowa, inali isanakhale n'komwe ndi khonsolo yakeyake, ndipo oyandikana nayo ankaitcha Goat Hill chifukwa cha mbuzi zimene anthu ankaweta kuseri kwa nyumba zawo.

Ndiye tapitaniko lero! Panthaka yomweyo pali msika wamakono wa masitolo oposa 250, umene malonda ake amapitirira madola 2 biliyoni pachaka. Chanel ali pomwepo, Hermès, Cartier, Louis Vuitton, Tiffany, onse ndondolo. Mukawoloka msewu wa Bristol pa kamlatho ka oyenda pansi, mupeza nyumba zosanja za maofesi, mahotela, maholo a nyimbo ndi zisudzo amene oimba a ku Vienna ndi ovina a ku London amabwera kudzaonetsamo luso lawo. Costa Mesa ya mbuzi ija tsopano imadzitcha mzinda wa zaluso, ndipo palibe amene angaiseke. Anthu a m'bomali anapitirira 3 miliyoni. Chimene chimandisangalatsa koposa n'chakuti mwini wa msikawo ndi banja lomwe lija limene linkalima nyemba, a Segerstrom, ndipo kampani yawo ikadali ndi dzina la agogo awo, C.J. Segerstrom & Sons.

Agogowo, Charles John Segerstrom ndi mkazi wawo Bertha, anachoka ku Sweden mu 1882. Anayamba akhala m'zigawo zozizira za pakati pa America, ku Chicago, ku Wisconsin, ku Minnesota, kenaka mu 1898 ananyamula chigulu cha ana awo n'kulowera ku California. Orange County panthawiyo inali khanda, chifukwa inali itapatuka ku Los Angeles County mu 1889, ndipo pofika 1900 anthu ake sankakwana 20,000. Banjalo linayamba ndi malo obwereka. Maekala 40 ku Greenville, pakati pa Santa Ana ndi Costa Mesa, ndiwo anali maziko: udzu wa ng'ombe, khola la mkaka, ana onse kumunda. Akapeza kangachepe, ankagula malo. Akakolola bwino, ankagulanso malo ena. Pang'onopang'ono maekala 40 aja anasanduka pafupifupi 2,000.

Nyemba ndi zimene zinawakweza. Kamumpanda amakonda nyengo ya m'mphepete mwa nyanja ya Pacific, kumene nkhungu ya m'mawa imanyowetsa masamba ndipo dzuwa silitentha mopsereza. Ankabzala dzinja la kumeneko likatha, n'kudula mitengo yake ikakhwima, kuiyanika m'mizere pamunda pomwepo, kenaka makina opunthira ankadutsa akufuka fumbi, matumba akudzaza. M'zaka za m'ma 1940 banjalo linasiya za mkaka n'kuika mtima wonse pa nyemba, mpaka linafika pokhala pakati pa alimi aakulu kwambiri a nyemba zimenezi m'dziko lonse la America. Tisaiwale kuti manja ambiri amene ankapalira ndi kukolola minda ya m'bomali anali a anthu ochokera ku Mexico, ndiponso kuti nthakayo isanakhale ya mzungu aliyense inali ya a Tongva ndi a Acjachemen. Mayina awo sali pazipupa za maholo, koma thukuta lawo lili m'maziko.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndi imene inatembenuza zinthu. Ku Costa Mesa kunali malo aakulu ophunzitsira asilikali a m'ndege, Santa Ana Army Air Base, ndipo anyamata zikwizikwi ochokera kumadera a chisanu analawa dzuwa la kumeneko. Nkhondo itatha anabwerera ndi mabanja awo. Disneyland inatsegulidwa ku Anaheim mu 1955. Anthu 216,000 aja anafika 704,000 mu 1960, ndipo mu 1970 anali 1.4 miliyoni. Mitengo ya malalanje inkazulidwa usiku ndi usana, nyumba zikumera m'malo mwake. Alimi ambiri anachita chimene aliyense akanachita: wogula akabwera ndi ndalama zimene sanazionepo chibadwire, ankasaina, n'kulandira, n'kusamuka.

A Segerstrom anakana kuchoka. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ine ndimawaombera m'manja. Iwo anaona kuti chimene chatha ndi msika wa nyemba, pamene nthaka ikadali ndi mphamvu yobala, bola usinthe mbewu. Mdzukulu wa C.J., Henry Segerstrom, wobadwa mu 1923, anali atavulala kwambiri kunkhondo ku Ulaya mu 1945, nakhala nthawi yaitali m'chipatala, kenaka n'kumaliza maphunziro a zamalonda ku Stanford. Atabwerera kumunda, iye ndi msuweni wake Hal anayamba kuyang'ana mapu m'malo moyang'ana mitambo. Boma linkakonza msewu waukulu wa San Diego Freeway, umene lero ndi 405. Mlimi wamba akamva kuti msewu udutsa m'munda mwake amalira. Henry anachita kulimbikira kuti udutse pafupi ndi munda wawo, podziwa kuti kumene kukudutsa magalimoto ndi kumene kudzadutse ndalama.

Kenaka anakopa masitolo awiri akuluakulu, May Company ndi Sears, powapatsa malo pafupifupi ulele kuti amange kumapeto awiri a msika umene unali usanakhaleko. Nzeru yake ndi yomwe ija ya amayi ogulitsa mandasi amene amakhala pakati pa depoti ndi chipatala: anthu akamayenda kuchoka uku kupita uko, wapakati amadya. Masitolo awiriwo anatsegula mu 1966, ndipo mu March 1967 South Coast Plaza yonse inatsegula zitseko, ndi masitolo pafupifupi 70, nyemba zikubiriwira mbali zonse. Msewu waukulu uja unali usanafike n'komwe! Anthu ankagwedeza mitu kuti alimi awa apenga, ndani adzabwere kudzagula madiresi pakati pa munda? Msewu unafika mu 1968, ndipo ogwedeza mitu aja anayamba kusowa poimika galimoto.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Henry sanathamangire kudzaza msikawo ndi aliyense wokhoza kulipira lendi. Ankasankha, ankadikira, ankakwera ndege kupita ku Paris ndi ku New York kukanyengerera eni masitolo amene anali asanamvepo za Costa Mesa. Mu 1978 Nordstrom inasankha South Coast Plaza kukhala sitolo yake yoyamba ku California, ndipo ena atangoona zimenezo anatsatira mmodzimmodzi. Popeza msikawo ndi wa banja, panalibe eni masheya owakakamiza kuonetsa phindu miyezi itatu iliyonse. Ankaganiza monga alimi, m'zaka.

Akanalekera pamenepo, ikanakhala nkhani ya anthu olemera basi, ndipo sindikanailemba. Koma anatenga nthaka ina, yamtengo wapatali zedi tsopano, n'kuipereka. Gulu la zisudzo la South Coast Repertory, limene David Emmes ndi Martin Benson anayambitsa mu 1964, linkasewera m'tinyumba tobwereka. Banjalo linalipatsa malo, ndipo mu 1978 linalowa m'nyumba yakeyake. Patangopita zaka 10, mu 1988, gululo linalandira mphoto ya Tony. Sewero la Margaret Edson lotchedwa Wit linaonetsedwa koyamba pamenepo mu 1995 lisanakapate mphoto ya Pulitzer mu 1999. Banjalo linaperekanso maekala 5 ndi ndalama zoyambira kuti pamangidwe holo yaikulu ya mipando pafupifupi 3,000, imene inatsegulidwa mu 1986. Mu 2000 Henry analonjeza madola 40 miliyoni a holo yachiwiri, ya nyimbo zokhazokha, imene Cesar Pelli anaijambula ndi khoma la galasi lopindikapindika ngati mafunde. Inatsegulidwa mu 2006, ndipo ndi kwawo kwa gulu la oimba la Pacific Symphony. Mu 2011 malo onsewo anapatsidwa dzina loti Segerstrom Center for the Arts.

Pali kamalo kamodzi kamene ndimakakonda kuposa maholo onsewo. Kabisala pakati pa nyumba ziwiri zosanja za maofesi ndi khoma loyera la malo oimika magalimoto, moti wodutsa pamsewu sangadziwe kuti kaliko. Henry anapempha mmisiri wosema Isamu Noguchi kuti akonze dimba pamenepo, ndipo mu 1982 panabadwa California Scenario. Pansi pake ndi miyala yaphanthiphanthi. Kumbali ina kuli mitengo italiitali ya redwood, kumbali ina kachulu ka mchenga ndi zomera za m'chipululu, ndipo kamtsinje kamatsetsereka kuchoka pamwamba pa khoma la makona atatu, n'kukhotakhota pakati pa miyala mpaka kukalowa pansi pa mwala wosongoka. California yense, nkhalango, chipululu ndi madzi ake, ali pamalo osakwana maekala awiri. Ndiye pali mulu wa miyala 15 yofiirira, yosemedwa ku Japan, yolumikizana bwinobwino moti ngakhale mpeni sungalowe pakati, yotalika kuposa anthu awiri. Noguchi anautcha The Spirit of the Lima Bean, kulemekeza nyemba imene inalipira zonsezi. Kulowa n'kwaulere. Masana mupeza alembi a m'maofesi atakhala pamenepo akudya nkhomaliro, ana akudumpha kamtsinje.

Ntchito ina ya Henry siioneka ndi maso, koma mwina ndi imene yagwira bomali kuposa zonse. Kwa zaka zoposa 25 anali m'bodi ya Orange County Water District, bungwe losamala madzi apansi panthaka limene linakhazikitsidwa mu 1933. Mlimi amadziwa chitsime. Anthu atachuluka, madzi ankapopedwa mopitirira muyeso, ndipo madzi amchere a m'nyanja anayamba kulowerera pansi n'kuononga zitsime. M'zaka zimene iye anali m'bodiyo, pakati pa zaka za m'ma 1970, bungwelo linamanga Water Factory 21: ankatenga madzi a m'zimbudzi ndi m'mabafa, kuwayeretsa mpaka mbee, n'kuwabwezera pansi kuti akankhe madzi amcherewo. Anthu ambiri akangomva amachita tsinya. Koma nzeru imeneyo ndi imene inabala Groundwater Replenishment System mu 2008, malo aakulu kwambiri padziko lonse oyeretsera madzi otere kuti amwedwenso, amene tsopano amatulutsa magaloni 130 miliyoni patsiku, okwanira anthu pafupifupi 1 miliyoni. Akatswiri a madzi ochokera kumaiko ouma amapita kukaphunzira kumeneko.

Henry anamwalira mu 2015 ali ndi zaka 91, ntchito ikupitirira. Ku Santa Ana kuli sukulu ya sekondale ya boma yotchedwa Segerstrom High School, yotsegulidwa mu 2005, ndipo ophunzira ake ambiri ndi ana a mabanja ochokera ku Mexico ndi kumaiko ena olankhula Chisipanishi. Mu October 2022 nyumba yoonetsera zaluso ya Orange County Museum of Art inasamukira pambali pa holo ya Pelli ija, pamalo amene banjalo linali litapatula kalekale, ndipo tsiku lotsegulira zitseko zinakhala chitsegukire maola 24, anthu ali pamzere usiku wonse kudikira kulowa.