Kusudzulana ku Perth: kusaina limodzi kapena kupita wekha?

Kwathu banja likagwedezeka, nkhani imayambira kwa ankhoswe. Amakhala pansi, kufufuza amene walakwa, ndipo zikakanika m'pamene zimapita kukhoti. Ife amene tikukhala ku Morley, Dianella, Noranda ndi Mirrabooka, ankhoswe athu ali kutali, ndipo malamulo a kuno ndi ena. Banja likatha, fomu ya khoti imafuna kudziwa ngati mukupempha chisudzulo nonse awiri kapena mmodzi yekha. Ambirife timaganiza kuti wopita yekha ndiye amaoneka wolakwa, kapena kuti mnzako akakana kusaina basi wakumanga. Zonse ziwirizi si zoona.

Lamulo la mabanja la Australia, Family Law Act la 1975, silifunsa kuti walakwa ndani. Khoti limangofuna umboni wakuti ukwati unafa, ndipo umboniwo ndi kupatukana kwa miyezi 12 yathunthu musanapereke fomu. Kupatukanaku kukhoza kuchitika muli m'nyumba imodzi, monga zimachitikira lendi ikadula, koma pamenepo mumalemba kalata yolumbirira yofotokoza momwe moyo wanu unasiyanirana. Pakufunikanso kuti mmodzi wa inu akhale nzika ya Australia, kapena wokhazikika kuno, kapena wakhala kuno miyezi 12 yapitayi. Kuno ku Western Australia nkhanizi zimapita ku Family Court of Western Australia, pa Terrace Road mu mzinda wa Perth, ndipo fomu imatumizidwa pa intaneti. Ukwati womangidwa ku Malawi kapena ku Zambia ukhoza kuthetsedwa kuno. Konzani setifiketi yake, ndipo ngati si ya Chingerezi, monga ya Chipwitikizi ya ku Tete, iyenera kumasuliridwa.

Kupempha muli awiri

Njirayi ndi ya anthu amene akulankhulanabe. Nonse mumawerenga fomu imodzi, kugwirizana pa tsiku limene munapatukana ndi pa za ana, kenako aliyense amasaina pamaso pa loya kapena Justice of the Peace. Popeza nonse mukudziwa za pempholo, palibe wofunika kupatsidwa mapepala a khoti, ndipo kawirikawiri simuitanidwa kukaonekera. Mavuto ake ndi awiri. Mmodzi akazengereza kusaina, zonse zimaima. Komanso ndalama yolipira kukhoti, yomwe imaposa madola 1,000, imatsitsidwa kwa anthu okhala ndi makhadi monga Health Care Card, koma pa pempho la awiri aliyense ayenera kukhala woyenerera kutsitsiridwa. Ngati khadilo lili ndi mayi okha, pempho la awiri likhoza kudula kuposa loti mayiwo apite okha.

Kupempha wekha

Apa simufunika chilolezo cha mnzanu. Ntchito yanu yaikulu ndi kuonetsetsa kuti mapepala amufika, ndi kusonyeza khoti umboni wake. Ngati ali mu Australia, alandire kutatsala masiku osachepera 28 kuti khoti lione nkhaniyo. Ngati ali ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Johannesburg, masikuwo ndi 42. Simuloledwa kumupatsa pamanja inu nokha. Mumatuma munthu wina wamkulu, kapena kutumiza pa positi ngati mukukhulupirira kuti asaina kalata yovomereza kuti walandira n'kuibweza. Ngati simukudziwa kumene ali, mumapempha khoti kuti lilole njira ina yomudziwitsira, mutasonyeza kuti mwayesetsa kumufunafuna.

Wolandira mapepala akhoza kuyankha, koma zifukwa zoletsera chisudzulo n'zochepa: kuti miyezi 12 sinakwane, kapena kuti khoti la kuno lilibe mphamvu pa ukwatiwo. Kungonena kuti sakufuna sikokwanira. Pakakhala kutsutsana kotere, yembekezerani kukaonekera.

Ana ndi katundu

Kaya mwasaina awiri kaya mmodzi, ngati pali ana osakwana zaka 18 khoti limafuna kumva kumene akukhala, sukulu yawo, thanzi lawo ndi amene akuwasamalira. Koma chisudzulo pachokha sichigamula kuti ana akhale ndi ndani, ndiponso sichigawa nyumba, galimoto kapena ndalama za penshoni. Zimenezo ndi nkhani zapadera. Chisudzulo chimayamba kugwira ntchito patatha mwezi umodzi ndi tsiku limodzi khoti litachipereka, ndipo kuchokera pamenepo muli ndi miyezi 12 yokha yopemphera za katundu. Ikadutsa, muyenera kupempha kaye chilolezo cha khoti, chomwe sichiperekedwa chisawawa.

Ife aphunzitsi timaona ana amene asanduka ankhoswe a makolo awo. Chifukwa choti amadziwa bwino Chingerezi ndi kompyuta, amauzidwa kulemba mafomu ndi kunyamula mauthenga pakati pa mayi ndi bambo. M'kalasi mwana wotere amangoti duu, maganizo ali kunyumba. Ngakhale atakwanitsa zaka 18, musamutume kukapereka mapepala a khoti kwa kholo lake. Ndipo inu ana, muli ndi ufulu wouza makolo mwaulemu kuti ntchitoyi apatse munthu wina.

Tisankhe bwanji?

Ngati mukulankhulana mwamtendere ndipo mukugwirizana pa tsiku lopatukana, kusaina limodzi ndi njira yaifupi. Ngati mnzanu wasowa, akukana kuyankha, kapena akugwiritsa ntchito siginecha yake pofuna kukulandani ana kapena katundu, pitani nokha. Ngati m'banjamo munali nkhanza, musadzikakamize kukhala naye pa tebulo limodzi chifukwa cha fomu. Imbani 1800RESPECT, ndipo uzani khoti za mantha anu.

Amene muli pa viza yaukwati yosakhalitsa, funsani uphungu mukangopatukana, musadikire chisudzulo, chifukwa kutha kwa banja kumakhudza vizayo, ngakhale kuti pali malamulo oteteza ochitiridwa nkhanza. Legal Aid WA ndi Northern Suburbs Community Legal Centre ku Mirrabooka ndi malo oyambira kufunsa. Pitani ndi setifiketi ya ukwati, mapepala a viza, ndi tsiku limene munapatukana lolembedwa bwino.