Hanoi, Mzinda Wofuna Mapazi ndi Munthu Wakomweko

Pakati pa Hanoi, likulu la dziko la Vietnam, pali dera lakale limene misewu yake yambiri ili ndi mayina oyamba ndi mawu akuti Hàng, kutanthauza katundu wamalonda. Hàng Bạc ndi msewu wa siliva, Hàng Muối wa mchere, Hàng Buồm wa matanga a ngalawa, Hàng Thiếc wa amisiri osula malata. Eni ake amangoti “misewu 36”, ngakhale ukaiwerenga imaposa pamenepo. Mfumu Lý Thái Tổ itasamutsira likulu lake kuno mu 1010 n'kulitcha Thăng Long, amisiri a m'midzi yozungulira anayamba kubwera pang'onopang'ono, a mudzi umodzi n'kukhala pa msewu umodzi ndi luso lawo limodzi. Mlendo amene ali m'basi yoziziritsa mpweya amadutsa zikwangwani za misewuyi osadziwa kuti zikumufotokozera mbiri ya mzindawo. N'chifukwa chake ndikuona kuti njira yoyenera yoonera Hanoi ndi kuyenda pansi, kudya zimene anthu ake amadya, ndiponso kukhala ndi munthu wakomweko pambali pako. Zitatuzi zimayendera limodzi, ndipo ukachotsapo chimodzi zinazo zimatsala zopanda mchere.

Tiyambe ndi misewuyo. Ku Hàng Thiếc nyundo zikulirabe mpaka lero, ndipo ku Hàng Mã akugulitsabe ndalama, nyumba ndi zovala za mapepala zimene mabanja amawotcha potumizira makolo awo amene anatsogola. Koma ku Hàng Buồm sukaona tanga ngakhale limodzi, ndipo mtsinje suuona. Pamafunika wina wokuuza kuti kale madzi ankafika chapafupi pomwepo, pamene mtsinje wa Tô Lịch unkakumana ndi Mtsinje Wofiira, mpaka mbali imeneyo inakwiriridwa m'nthawi ya atsamunda a ku France. Nyumba nazonso zimabisa zambiri. Kumaso n'zopanikiza, mamita atatu kapena anayi okha, koma zimalowa m'kati mamita makumi angapo ngati paipi. Sitolo ili kumsewu, ndipo kuseri kwake kuli tinjira tamdima tongokwana munthu mmodzi, tolowera kumene mabanja amakhala, kumene kuli tiakachisi ndi tinyumba tomwera khofi. Mlendo waulemu salowa yekha m'kanjira kotere chifukwa amaganiza kuti n'kwa eni, ndipo nthawi zambiri n'kwa enidi. Wakomweko ndiye amadziwa khomo limene ungalowe ndi limene uyenera kungodutsa.

Pa chakudya m'pamene woperekeza alendo amaonetsa phindu lake lenileni. Ku Hanoi ophika ambiri a m'mbali mwa msewu amaphika chakudya cha mtundu umodzi basi, ndipo chilichonse chili ndi nthawi yake. Phở, msuzi wa mafupa a ng'ombe owiritsidwa maola ambiri wothiridwa pa tizingwe ta ufa wa mpunga, anthu amaukonda m'mamawa. Bún chả, nyama ya nkhumba yootcha pa makala yoviika mu msuzi wotsekemera pang'ono wa nsomba, ndi ya masana, ndipo utsi wake ndiwo umakuitana nthawi ya nkhomaliro ikamayandikira. Mbale iliyonse ili ndi mbiri imene lilime palokha silingaitulukire. Buledi wa bánh mì ndi mwana wa buledi wautali wa Afalansa. Khofi wa dzira, cà phê trứng, anamuyambitsa Nguyễn Văn Giảng, yemwe ankagwira ntchito ku hotela ya Metropole, mu 1946 pamene mkaka unkasowa. Anapuntha dzira ndi shuga kuti likhale m'malo mwa mkaka, ndipo Café Giảng ya banja lake ilipobe, kumapeto kwa kanjira kopanikiza pa msewu wa Nguyễn Hữu Huân. Msewu wa Chả Cá unasintha dzina n'kutenga la nsomba yokazinga ndi chikasu imene banja la a Đoàn linatchuka nayo pamenepo. Ndipo akuluakulu amakumbukirabe zaka za nkhondo ndi za kugawa chakudya pa makadi, pamene phở wopanda nyama ankamutcha “phở wopanda woyendetsa”, potengera ndege za America zouluka popanda munthu. Malonda a m'misewu amene alendo amawajambula lerowa anaphukanso boma litamasula chuma mu 1986, pa ndondomeko yotchedwa Đổi Mới. Munthu amene wamva zimenezi akakhala pa kampando kapulasitiki kofika m'maondo, amadya akudziwa chimene mzindawu unadutsamo kuti mbaleyo imufike.

Wina anganene kuti masiku ano foni imachita zonsezi kwaulere. Ili ndi mapu, imamasulira zikwangwani, ndipo kuyambira mu 2023 ngakhale buku lotchuka la Michelin limatchula malo ena odyera phở ndi bún chả mu Hanoi. N'zoona, ndipo munthu wa ndalama zochepa asachite manyazi kuigwiritsa ntchito. Vuto ndi lakuti foni imatumiza aliyense pakhomo limodzi. Barack Obama, yemwe anali pulezidenti wa America nthawiyo, atadya bún chả ndi Anthony Bourdain, wophika wotchuka wa pa TV, pa malo otchedwa Hương Liên mu May 2016, chakudya cha madola 6 basi, malowo anasanduka kopita alendo, ndipo tebulo limene anadyerapo analitsekera m'galasi. Mayi amene amadzuka usiku kuchokera kumudzi, atanyamula madengu awiri pa mtengo wa paphewa, amene lero wakhala pa ngodya iyi mawa pa ina pothawa apolisi, pa mapu salipo. Foni sikuuzanso kuti masamba awa uwathire mu msuzi, awa ukulungire nyama, kapena kuti mắm tôm, phala la nkhanu zazing'ono zosasitsa lonunkha kwambiri, uyambe walawa pang'ono. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pamafunika munthu woti umufunse. Nkhani ya ukhondo nayo imayankhidwa pomwepa: wakomweko amadziwa mphika umene umatha msanga chifukwa cha unyinji wa ogula, monga mmene aliyense amadziwira chiwaya chodalirika cha kwawo.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi chakuti maulendo oterewa amaononga chinthu chomwe akuchitamacho, ndipo ichi sindingachikankhire pambali. Vietnam inalandira alendo akunja pafupifupi 18 miliyoni mu 2019, ndipo ambiri a iwo anadutsa m'dera lakale lija la Hanoi. Msewu wa Tạ Hiện, wotchuka ndi mowa wotchipa wa bia hơi, madzulo umadzaza ndi alendo mpaka kusowa popondera. Kumene njanji imadutsa pakati pa nyumba mokhudza makoma, anthu ojambula zithunzi anachuluka kwambiri moti mu October 2019 akuluakulu a mzinda anatseka malowo poopa ngozi. Aliponso operekeza alendo amene amakokera gulu lawo kwa wogulitsa amene amawapatsa kangachepe, kaya chakudyacho n'chokoma kaya ayi. Koma taonani kuti zoipa zonsezi zimabadwa pamene anthu aunjikana pa malo amodzi chifukwa anaona chithunzi chimodzi. Mankhwala ake ndi kumwaza alendo, ndipo amene angawamwaze ndi munthu wodziwa misewu makumi asanu ndi awiri osati isanu yokha. Gulu la anthu anayi kapena asanu limakwana pa timipando ta mayi wogulitsa chakudya popanda kuthamangitsa makasitomala ake a tsiku ndi tsiku, ndipo ndalama imalowa m'thumba la chovala chake, osati ku hotela. Ophunzira a gulu la Hanoikids, limene linayamba mu 2006, amaperekeza alendo popanda malipiro kuti aphunzire Chingelezi, ndipo kawirikawiri amawatengera kumene iwo eni amadya ndi ndalama za mwana wasukulu. Muyeso wa ulendo wabwino ndi wosavuta: kodi malo amene wakutengerawo akanakhalapobe alendo akanapanda kubwera?

Pali mbali ina imene okonda maulendowa amaiiwala, ndipo ndi ya eni mzinda. Hanoi ili ndi anthu oposa 8 miliyoni ndi njinga zamoto mamiliyoni angapo, ndipo m'mbali mwa msewu momwe mlendo amasangalala kudyeramo ndi momwe gogo amalephera kudutsa, n'kutsikira pakati pa magalimoto. Boma linaletsa malonda oyendayenda pa misewu 62 mu 2008, ndipo mu 2017 linachitanso kampeni yochotsa timipando ndi mbaula m'njira za oyenda pansi. Sikuti linalakwa pa chilichonse, koma amene anavutika kwambiri ndi amayi osauka a kumidzi aja, ndipo chidwi cha alendo pa chakudya chawo ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zimene zimakumbutsa akuluakulu kuti malondawa ndi chuma cha mzinda. Njira yapakati yaonekera pa nyanja ya Hoàn Kiếm, pamene nthano imati mfumu Lê Lợi inabweza lupanga kwa kamba wa m'madzi itagonjetsa asilikali a ku China m'zaka za m'ma 1420. Kuyambira mu September 2016, misewu yozungulira nyanjayi imatsekedwa kwa magalimoto kumapeto kwa sabata. Amene amadzaza pamenepo kwambiri ndi eni ake a Hanoi: ana akuyendetsa tigalimoto tazidole, achinyamata akusewera đá cầu, masewera omenya kanthu ka nthenga ndi mapazi, amayi achikulire akuvina pa mzere, ndipo ophunzira ena amaima pafupi ndi mlatho wofiira wa Thê Húc kudikira mlendo woti acheze naye.