Kodi mumadziwa? Zilombo za ku Mua ndi mtima wa munthu

Kodi mumadziwa kuti ku Mua, m'chigwa cha Dedza, kumene ansembe a White Fathers adakhazikitsa mishoni m'chaka cha 1902, kuli nyumba yosungiramo za makolo yotchedwa Chamare, momwe muli nkhope za Gule Wamkulu mazanamazana, ndipo kuti zambiri mwa izo nchithunzi cha khalidwe la munthu?

Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene adayambitsa malo a Kungoni ku Muako mu 1976, atakhala zaka zambiri pamapazi pa akuluakulu a midzi yozungulira, adapeza kuti makolo, podziwa kuti mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndi kuti munthu womdzudzula pamaso amangoumitsa khosi, ankatulutsira pabwalo ulesi, umbombo, kaduka, uchidakwa ndi chigololo zitavala nkhope, kuti wolakwayo, poseka limodzi ndi khamu, adzizindikire yekha popanda womtchula dzina. Nzeru imeneyi njakuya ndithu, pakuti imachiza munthu osamchotsa ulemu.

Chimene makolowo ankachiopa koposa ndicho chizolowezi, chija cha namkholowa chidazulitsa mbatata yapansi, popeza choipa chikachitidwa kawirikawiri chimaleka kuoneka choipa kwa mwini wake. Nchifukwa chake anamkungwi ankalangiza mwana kuchinamwali asanakhwime, mtima ukadali wofewa.

Bungwe la UNESCO lidalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu, amene amavinidwanso ku Zambia ndi ku Mozambique, ndi chuma cha anthu onse a dziko lapansi.