Batire la m'tochi: nambala yaikulu ndiyo imanama

Pa mabenchi a ogulitsa zamagetsi mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe simulephera kupeza timabatire tobulungira, tokutidwa ndi pulasitiki wofiira kapena wabuluu. M'mbali mwake mumalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: 6800mAh, 8800mAh, mwinanso 9900mAh. Wogula amatola la nambala yaikulu poganiza kuti ndilo lisunge moto nthawi yaitali. Ndalama zake zimatayikira pomwepo.

Batire limeneli limatchedwa 18650, ndipo dzinalo ndi muyeso wake: mamilimita 18 m'mimba mwake, mamilimita 65 m'litali. Makampani amene amadziwadi ntchitoyi, monga Panasonic ndi Murata a ku Japan, Samsung ndi LG a ku South Korea, komanso Molicel wa ku Taiwan, amalekezera cha pa 3500mAh pa batire la msinkhu umenewu. Malo a m'katimo ndi omwewo, ndipo mankhwala amene angalowemo ali ndi malire. Ndiye wina wosadziwika ndi dzina lomwe akalemba 9900, sanatulukire nzeru imene Samsung alibe. Wangosindikiza bodza papulasitiki. Mabatire ambiri otere akayezedwa safika ndi pa 1000mAh pomwe, ndipo ena ndi akale, ochotsedwa m'malaputopu otha ntchito n'kuvekedwa chovala chatsopano.

Nkhaniyi si yaing'ono kwa ife. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mabanja oposa theka m'dziko muno ankaunikira usiku ndi matochi ndi nyale za mabatire, pamene a magetsi a ESCOM anali pafupifupi banja limodzi pa mabanja khumi alionse. Ngakhale a m'tauni adaphunzira kufunika kwa tochi namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Mlonda, namwino wa usiku, mwana wokonzekera mayeso, onsewa amadalira kabatire kameneka.

Musanayang'ane batire, yambani mwatsegula tochi yanu. Tochi ndiyo imasankha batire, osati inu.

Mabatire a lithium otchajidwa amakhala ndi mphamvu ya 3.6V kapena 3.7V, ndipo akadzaza amafika 4.2V. Batire wamba la AA, lija timaika m'wailesi kapena m'wotchi ya pakhoma, ndi la 1.5V basi. Msampha uli apa: pali batire la lithium lotchedwa 14500, lofanana ndendende ndi AA kukula kwake, ndi lina la 10440 lofanana ndi AAA. Onsewa amalowa bwinobwino m'tochi ya mabatire wamba. Mukayatsa, tochi imawala modabwitsa kwa kamphindi, kenako babu lapsa, chifukwa lalandira mphamvu yoposa kuwirikiza kawiri imene lidapangidwira. Ngati patochi kapena pakatoni yake sadalembe kuti imalandira 14500, musayese. Wa tochi ya AA amene watopa ndi kugula mabatire sabata iliyonse ali ndi njira ziwiri zabwino: mabatire otchajidwa a NiMH a 1.2V, monga Eneloop, kapena a lithium opangidwa mwapadera kuti azitulutsa 1.5V, amene ambiri amabwera ndi kabowo kotchajira ndi chingwe cha foni. Vuto la achiwiriwa ndi loti sachenjeza. Amawala mofanana mpaka kumapeto, kenako mdima wa bii nthawi imodzi.

Matochi ambiri otsika mtengo aja okoka kumutu kuti kuwala kufike patali amabwera ndi kachikombole koikamo mabatire atatu a AAA, komanso kapaipi ka pulasitiki. Anthu ambiri amataya kapaipiko osadziwa ntchito yake. N'kothandiza kuti 18650 lisamagwedere m'kati. Tochi yotere imalandira zonse ziwiri, ndipo 18650 limodzi lenileni limasunga moto woposa kuwirikiza kawiri wa ma AAA atatuwo. Matochi atsopano akuluakulu amagwiritsa ntchito 21700, lonenepako pang'ono, limene limafika cha pa 5000mAh.

Tsono tibwerere ku manambala aja. Batire labwino limakhala ndi manambala awiri ofunika, ndipo ogula amadziwa imodzi yokha. Tikayerekeza batire ndi chigubu cha madzi, mAh ndi kukula kwa chigubucho, pamene ma amp, olembedwa A, ndi kukula kwa kukamwa kwake, kutanthauza kuchuluka kwa madzi amene angatuluke nthawi imodzi. Tochi yokoka 1A pabatire la 3000mAh iyaka pafupifupi maola atatu. Mukaichepetsa kuwala kuti izikoka gawo limodzi mwa magawo khumi, ikutengerani mausiku angapo. Opanga mabatire amasinthanitsa ziwirizi, akawonjezera china chinzake chimatsika. Samsung 30Q ndi la 3000mAh koma limatulutsa mpaka 15A. Sanyo NCR18650GA ndi LG MJ1 ndi a cha pa 3500mAh koma amalekezera pa 10A. Kwa tochi ya pakhomo kapena ya mlonda, 10A ndi yokwanira n'kutsalako, choncho tengani la 3500mAh. Ma amp ochuluka amafunika kwa amene ali ndi matochi amphamvu kwambiri aja otentha m'manja. Kulipira ma amp amene tochi yanu sidzawakoka n'kungokondweretsa wogulitsa.

Chinthu chimene ine ndimachiika patsogolo pa zonsezi ndi chitetezo. Lithium safuna kufinyidwa mpaka dontho lomaliza. Batire likatsika kupitirira 2.5V, m'kati mwake mumayamba kuwonongeka, ndipo kulitchajanso pambuyo pake kungachititse shoti ya m'kati. Kulidzaza kupitirira 4.2V nakonso n'koopsa. Matochi apamwamba amadzizimitsa okha moto ukatsika, koma otsika mtengo ambiri amangokoka mpaka batire litaferatu. N'chifukwa chake pali mabatire olembedwa kuti protected, okhala ndi kachipangizo kakang'ono kumapeto kamene kamadula magetsi batire likatsika kwambiri, likadzaza mopitirira, kapena pakachitika shoti. Pakhomo pamene ana amaseweretsa tochi n'kuisiya ikuyaka pansi pa bedi, batire lotere ndilo loyenera. Dziwani chabe kuti kachipangizoko kamalitalikitsa kufika mamilimita 68 kapena 70, ndipo m'matochi ena chotsekera chimakana. Yang'ananinso kumutu kwake: ena ali ndi kansonga kotukuka, ena ndi afulati. Tochi imene ilibe sipuling'i kumutu nthawi zambiri imafuna la kansonga, apo ayi sizikhudzana.

Nanga lenileni mungalidziwe bwanji muli pabenchi? Sikelo imathandiza. Batire la 18650 la kampani yodziwika limalemera magalamu 45 mpaka 50, pamene lachinyengo nthawi zambiri limapepuka moti ngakhale m'manja mumamva. Komabe sikelo si mboni yokwanira, poti akathyali ena amathiramo zolemetsa. Mtengo ndi mboni ina: la 3500mAh lenileni silingagulidwe pa mtengo wa fanta. Amene amakonza mafoni ndi zida za sola ena ali ndi matchaja oyeza mAh, amene amadzaza batire, kulikhuthula, n'kuonetsa nambala yeniyeni. Zimatenga maola angapo, koma ngati mukugula ambiri, a alonda a pasukulu kapena a pachipatala, yambani mwayezetsa limodzi.

Luso la mabatirewa lidafika pamsika mu 1991 kudzera ku kampani ya Sony, ndipo mu 2019 John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino adalandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi. Zaka zonsezi vuto limodzi silinathe: madzi a m'kati mwa batire amayaka. Batire likatentha kwambiri, mankhwala ake amayamba kutulutsa kutentha kwina, kutenthako n'kuwonjezera kwinanso, mpaka litaphulika ndi moto wovuta kuzimitsa. Ngakhale Samsung adachotsa pamsika foni za Galaxy Note 7 mu 2016 chifukwa cha zomwezi.

Kutchaja kumayenera kuchitika pamalo osapitirira madigiri 45. Ganizirani za nyumba ya malata ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu Okutobala, tochi ili pawindo, yalumikizidwa ku sola masana onse. Itchajireni pamthunzi, pasimenti, osati pamatiresi, ndipo ikadzaza muichotse. Batire labwino limapirira kutchajidwa ka 300 mpaka ka 500 lisanafooke moonekera, koma kutentha kumadula moyo umenewu. Losungira mtsogolo likhale ndi moto wa theka, osati lodzaza. Kwa okhala kotentha chonchi palinso mtundu wa LiFePO4, umene suyaka msanga ndipo umakhalitsa, koma ndi wa 3.2V, umasunga moto wochepa, ndipo umafuna tchaja yakeyake.

Pulasitiki wokutira uja si wokongoletsa. Thupi lonse lachitsulo la batire ndi mbali ya negative, ndipo limafika mpaka m'mphepete mwa kumutu, pafupi kwambiri ndi positive. Pulasitikiyo akang'ambika pamenepo, kachitsulo kalikonse kangalumikize mbali ziwirizi. Anthu apsa ntchafu chifukwa choika batire m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo. Lonyamula lizikhala m'kabokosi ka pulasitiki. Okwera ndege adziwenso kuti mabatire apadera amaloledwa m'chikwama cha m'manja chokha, osati m'katundu wopita kunsi.

Batire lotupa, lophwanyika, lochita dzimbiri, lonunkha kapena lotentha pamene likutchajidwa latha ntchito, ngakhale likuyatsabe tochi. Matani tepi mbali zonse ziwiri, muliike m'chitini cha mchenga kutali ndi ana, kenako mufunse ogulitsa zida za sola ngati amalandira mabatire akutha. Musaliponye kudzala, chifukwa kwathu kuno zinyalala timatentha, ndipo nthawi zambiri wotumidwa kukasonkha motowo ndi mwana.