Nyimbo za m'Cigwa ca Gwembe

M'caka ca 1957 Atonga a m'cigwa ca Gwembe anali ndi nkhawa yaikuru. Pa Kariba panali kumangidwa cipupa cotseka mtsinje wa Zambezi, ndipo madzi anali pafupi kumiza midzi, minda ndi manda a makolo omwe. Anthu amene anasamutsidwa kutsidya lino ndi kutsidya lija anali ngati 57,000.

M'caka comweco kunafika mlendo, dzina lace Hugh Tracey, ndi makina ogwira mau. Iye anabadwira ku England mu 1903, nadza ku Southern Rhodesia akali mnyamata kudzalima fodya. Kumundako anaphunzira nyimbo za Akaranga amene anagwira nao nchito. Azungu ambiri a masiku aja anaziyesa phokoso cabe nyimbo zotere, koma iye anaona kuti zinali ndi malamulo ace obvuta, ndipo anapereka moyo wace ku nchito yozisonkhanitsa.

Pakati pa nyimbo zimene anagwira ku Gwembe panali za nyele. Nyele ndi nyanga ya nyama ya kuthengo, ndipo nyanga imodzi ili ndi liu limodzi lokha. Munthu ali yense aliza yace pa nthawi yace, mnzace nalandira, wina natsatira, kufikira mau onse alukana pamodzi ndi ng'oma za budima. Amaziliza makamaka pa maliro. Munthu mmodzi, ngakhale akhale katswiri wotani, sakhoza kuimba nyimbo yotere yekha. Ifuna mudzi wathunthu. Cifukwa cace kumwazika kwa midzi kunali coopsa kwa nyimbozo.

Oimba atatha, Tracey anali kuwalizira makinawo kuti amve mau ao, nalemba maina ao, mudzi wao ndi tanthauzo la nyimbo. Midzi ija inamira, koma Atonga ananyamula nyele zao, ndipo aziliza kufikira lero. Tsono mdzukulu akhoza kulinganiza kalizidwe kace ndi ka ambuye ace.

Wina amene anagwirako nchito ndi Tracey ndiye Alick Nkhata, wobadwira ku Kasama mu 1922. Pambuyo pace iye analowa nchito pa wailesi ya ku Lusaka, natenga nyimbo za kumidzi, zina naziimba ndi gitala. Motero anthu a ku migodi ndi a m'matauni anamvanso nyimbo za kwao, ndipo oimba acinyamata anaphunzira kusacita nazo manyazi.

Cinthu cimodzi cokha sicinakome. Mau onse aja anapita kutali ndi eni ace, ku nyumba yosungira nyimbo imene Tracey anayamba ku South Africa mu 1954, ndipo oimba ambiri anamwalira osadzimvanso. Tracey anamwalira mu 1977. Osunga nyumbayo anayamba mocedwa kubwezera nyimbo kumene zinacokera, monga anacitira kwa Akipsigis a ku Kenya mu 2014.