Gitala ya ku Hawaii pa silinda za Edison

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi kusamutsa nyimbo zakalekale n'kuziika pa kompyuta, amayesa kuti ndimangochotsa phokoso kuti nyimbo imveke ngati yajambulidwa dzulo. Kuchotsa phokoso kumabwera kumapeto kwenikweni, ndipo pa nyimbo za ku Hawaii ndimakuchita mwamantha.

Mbale za galamafoni zisanafale, kunali silinda. Maonekedwe ake ali ngati kachitini kotsegula uku ndi uku, ndipo nyimbo imakhala m'kanjira kopyapyala kozungulira kunja kwake. Kampani ya Thomas Edison inkapanga za phula, koma mu 1912 inatulutsa Blue Amberol, za pulasitiki wabuluu wokutira pulasitala, zoimba mphindi zinayi. Inasiya kuzipanga mu 1929.

Zaka zimenezo n'zomwe anthu a ku America anatengeka ndi Hawaii. Sewero la The Bird of Paradise linafika ku New York mu 1912, kenako mu 1915 chionetsero chachikulu cha ku San Francisco chinakoka makamu kukamva oimba a kuzilumbazo. Henry Ford anakopeka mpaka analemba ntchito gulu la Henry Kailimai, lomwe linadzajambula kwa Edison ndi dzina loti Ford Hawaiians. Frank Ferera, wobadwira ku Honolulu, ndi mkazi wake Helen Louise anajambula nyimbo zambirimbiri. Zina zotchedwa za ku Hawaii anazipeka ndi amalonda a ku New York. Koma pakati pa zimenezo palinso Aloha ʻOe, ya Mfumukazi Liliʻuokalani, amene analandidwa ufumu mu 1893. Ndikamaimvetsera sindiiwala kuti dziko lomwe linkaigula ndi lomwe linatenga zilumba zake.

Nthawiyo pojambula nyimbo sankagwiritsa ntchito maikolofoni. Oimba ankaunjikana pakamwa pa lipenga, ndipo mphamvu ya mawu awo ndi imene inkakankha singano kuti icheke phula. Gitala yogoneka pamiyendo, yomwe Joseph Kekuku anaitchukitsa, inkalowa bwino m'lipengamo, chifukwa kachitsulo kakamatsetsereka pa nsambo, liwu limatuluka lakuthwa ndipo limachedwa kuzima. Amene anamvapo gitala ya hauyani ya Ndiche Mwarare akulidziwa liwu limeneli, ngakhale kuno kwathu linadzafika pambuyo pake, pa mbale.

Mavuto anga amayamba silinda isanalire n'komwe. Pulasitala wam'kati amafufuma ndi chinyezi, pulasitiki wakunja amanyala, ndiye mukaikakamiza pa makina imang'ambika. Ikapindika pang'ono chabe, liwu limagwedezeka pa kuzungulira kulikonse, ka 160 pa mphindi. Pa ng'oma mwina simungazindikire. Pa gitala yotsetsereka muyenera kutchera khutu kuti mudziwe ngati kunjenjemerako ndi kwa dzanja la Ferera kapena kwa silinda yopindika. Singano nayonso ndi nkhani: kanjira ka silinda ya mphindi zinayi n'kothinana, mizere 200 pa inchi imodzi, ndipo singano ya silinda za mphindi ziwiri ndi yaikulu, sikhalamo.

Pali chinanso chimene ogula ambiri sankachidziwa. Kuyambira cha mu 1915, ma Blue Amberol ambiri ankawakopera kuchokera ku mbale za Edison, lipenga lina kuimbira m'lipenga linzake. Choncho nyimbo zambiri za ku Hawaii zinafika pa silinda zitafooka kale.

N'chifukwa chake ndimaopa pulogalamu yochotsa phokoso. Kachitsulo kakamatsika, liwu limapyapyala mpaka kulowerera m'kusokosera kwa silinda, ndipo kompyuta imalimeza pamodzi ndi kusokoserako. Nyimbo imatuluka yoyera, koma luso la woimbayo lapita. Ndiye ndimasunga makope awiri: loyamba monga singano yawerengera, losakhudza chilichonse, ndipo lachiwiri ndimangochotsamo kuthetheka kwa ming'alu, kumodzikumodzi, ndi dzanja.